Mpata umene bambo anasiya

Bambo anga anali mkamwini m'mudzi wa amayi, chakumunsi kwa mishoni ya Guilleme, ndipo kwawo kunali tsidya la malire, ku Zambia. Anakhala pamudzipo zaka zoposa makumi atatu, komabe akalakwitsa kanthu, ngakhale kungochedwa kumaliro, anthu ankakumbukira msanga kuti ndi obwera. Munda unali wa amayi. Mitengo ya mango inali ya amayi. Ife ana tinali a amalume, alongo awo a amayi, amene ankatituma ndi kutikalipira ngati anatibala okha. Chawochawo bambo chinali chimodzi basi, manja awo. Ankaluka miono ndi kumanga biyo kuposa mwamuna aliyense m'dera lathu, ndipo ulemu wonse umene anali nawo pamudzipo anautola kumtsinje.

Biyo ndi mpanda wa nsungwi ndi bango umene amaumanga modula mtsinje, n'kusiya timakomo totcherapo miono. Mtsinje wathu si waukulu. Umakathira mu Bua, ndipo mu Okutobala mwana amatha kuulumpha. Unalibe mwini. Wofuna kuwedza ankangokumba nyongolotsi kuseri kwa bafa n'kumapita, azimayi ankavuwa m'maiwe madzi akaphwa, ndipo panalibe wofunsa mnzake kalata. Mabiyo okha ndiwo anali ndi malo ake odziwika, motsatizana kutsika ndi mtsinje, ndipo amene ankasunga m'mutu kuti apa ndi pa uje, apa ndi pa uje, anali amalume. Bambo anapatsidwa malo achitatu kuchokera kumtunda, malo abwino kwambiri, atatha zaka zambiri akumangira eni mudzi mabiyo awo.

Lamulo linali limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse. Mtsinje sautseka wonse. Mbali imodzi ya biyo, chakugombe, umasiya mpata wotalika ngati mkono, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga za zala. Mvula ikagwa mtsinje n'kudzaza, matemba, makumba ndi milamba zimakwera kukaswana kudambo la kumtunda. Madzi akayamba kutsika zimabwerera ndi ana ake, zina n'kulowa m'miono yako, zina n'kudutsa pampatapo kupita kwa mnzako wakumunsi. Bambo ankayeza mpatawo ndi mkono wawo, kenako n'kuwonjezerapo chikhatho, ati chifukwa mkono wawo unali waufupi.

Ntchitoyo anandiphunzitsa, koma ine ndine wamanzere. Kusukulu ndinazolowera kulemba ndi dzanja lamanja, koma ndikagwira luzi lamanzere limabwerera lokha, ndipo mfundo zanga zonse zimapotokera kwina. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi. Amalume ankanyamula mono umene ndaluka, n'kuutembenuza uku ndi uku, n'kulengeza kuti nsomba yofuna kulowa mmenemu iyenera kulowa chafutambuyo. Anthu ankaseka, ine ndinkapsa mtima. Bambo okha ndiwo ankati mfundo ndi mfundo bola igwire, ngakhale kuti ndikachoka ankamasula zina n'kumanganso. Kusekedwa kumeneko kunandithandiza kulimbikira sukulu, chifukwa ndinalumbira kuti ine sindidzadya za luzi.

Kumtunda kwa mudzi wathu, pakati pa mabiyo ndi dambo lija, kunali esiteti ya fodya. Eni ake anamanga damu ine ndisanabadwe. Silinasokoneze zambiri, chifukwa pambali pake panali ngalande yotayira madzi, yotsetsereka pang'onopang'ono, ndipo damu likasefukira nsomba zinkadutsa mmenemo pokwera ndi potsika. Koma madzi a m'damumo, mkati mwa waya, anali a kalabu ya owedza. Munali nsomba zobwera nazo kuchokera kwina, zakukamwa kwakukulu, zimene ife tinkangoti nsomba zachizungu. Munthu wamba akapezeka ndi mbedza mmenemo ankalandidwa mbedzayo, nsombazo, ndipo nthawi zina ndi malaya omwe.

Ndinalowa ntchito paesitetipo ngati kalaliki wa katundu. Matipate atabwera zinthu zinayamba kusintha, mwaulesi koma zinasintha. Kalabu imene kale munkalowa azungu okhaokha ndi amwenye awiri atatu inatsegula chitseko pang'ono. Kunayamba kubwera mabwana akuda a ku Lilongwe, ndi mkulu wina wa malole a kuboda amene ankafika ndi galimoto yodzaza zakumwa. Ine ndinakwezedwa kukhala wachiwiri kwa manijala, ndipo tsiku lina abwanawo, mzungu wachikulire wolankhula Chichewa cha m'mphuno, anandiitana n'kundipatsa khadi la umembala. Anati nthawi yasintha, kalabu ikufunika munthu wa konkuno.

Sindinama, ndinasangalala koopsa. Khadilo ndinkaliika m'thumba la malaya mwanjira yoti nsonga yake izioneka. Kuwedza kwake kunali kwa mtundu wina. Nyongolotsi zinali zoletsedwa, ukonde woletsedwa, mono osautchula n'komwe. Nyambo inali kambedza kovekedwa nthenga ndi ulusi kuti kazioneka ngati tombolombo kapena chiwala, ndipo unkakaponya ndi ndodo yaitali yopyapyala, chingwe chikuuluka kutsogolo ndi kumbuyo ngati ukukwapula ng'ombe zosaoneka. Miyezi iwiri yoyamba ndinawedza mtengo wa mkuyu, chipewa changa, ndi khutu langa lomwe. Ndiye ukaigwira nsombayo unkaiyeza, kuilemba m'buku, n'kuibwezera m'madzi ili yamoyo.

Nditawafotokozera bambo zimenezi, anali pakhonde akusenda nsungwi.

"Ukuti umaigwira?"

"Eya, bambo."

"N'kuibweza?"

"Eya."

"Ikakhala yodwala?"

"Ayi, yabwinobwino."

Anapitiriza kusenda, mpeni ukuyenda. "Manje ndiwo mumadya chiyani kumeneko, bukulo?"

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati anthu awa sadzamvetsa. Ndinali nditayamba kale kuganiza choncho, kuti anthu awa. Ndikukumbukira Loweruka lina ndili pakhoma la damu ndi mabwana a ku Lilongwe, ndikuponya chingwe changa, ndinaona bambo akudutsa panjira ya kunja kwa waya, mono uli paphewa, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Anakweza dzanja. Ine ndinachita ngati chingwe chakodwa n'kuwerama, ndipo podzuka anali atapita.

Kalabu inkakumana Loweruka loyamba la mwezi, pakhonde la kanyumba ka udzu m'mbali mwa damu. Ine ndinkakhala kumapeto kwa benchi, osalankhula. Chaka chimenecho dandaulo linali lakuti nsomba zikuchepa. Wina anati alonda akuba. Wina anati ndi ng'ona, ngakhale kuti chibadwire changa sindinaionepo ng'ona mumtsinje wathu. Mkulu wa malole anati ndi demokalase. Palibe amene anandifunsa maganizo. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, kuti palibe amene anandifunsa. Ndinangofuna kuti andione kuti nanenso ndikudziwa kanthu.

Ndinakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Ndinati nsomba sizikubedwa, zimatuluka zokha pangalande damu likasefukira, ndipo zambiri zimakathera m'miono ya kumunsi. Abwana anati waya wa sefa anayesapo kawiri, woyamba anadyedwa ndi dzimbiri, wachiwiri anakamupeza ali khola la nkhuku m'mudzi wina. Ine ndinati nsungwi sizichita dzimbiri, ndipo palibe amene amaba nsungwi. Ndinati ndikudziwa munthu amene angaluke mpanda woti ngakhale kansomba kochepa ngati chala sikangadutse. Anandiwombera m'manja. Bwana wina wa ku Lilongwe, amene kwa chaka chathunthu ankandiyesa woperekera zakumwa, anadzuka n'kudzandigwira chanza.

Kwa bambo sindinanene zonse. Ndinati abwana akufuna biyo pangalande, loti lizitchinga zinyalala ndi nsomba zawo zikuluzikulu zija. Anavomera msanga. Ankanyadira kuti mwana wawo wawapezera ntchito yooneka, yoti azungu aone kuti kumudzi kulinso amisiri. Anakawauza amalume, ndipo amalume anati palibe vuto bola mpata ukhalepo. "Alamu, mwayamba liti kundiphunzitsa ntchito yanga?" anatero bambo, ndipo onse awiri anaseka.

Anagwira masabata atatu mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Esiteti inazika zitsulo, iwo n'kulukapo nsungwi zong'alula bwino, zothinana, zomanga ndi luzi la mombo. Linali biyo lokongola kuposa onse amene anamangapo. Antchito a kuzigafa ankabwera nthawi yopuma kudzangoliyang'ana. Tsiku lomaliza ndinawapeza ataika chigongono pachitsulo cha kugombe, akuyeza mkono, kenako chikhatho.

"Apa patsala, bambo."

"Sipanatsale. Apa ndi pa mpata."

"Abwana sakondwa nawo."

"Ukawauze kuti mtsinje sautseka wonse. Iwe ukudziwa."

Ndinati ndikawauza, koma sindinawauze. Abwana anabwera Lachisanu, anayenda m'mbali mwa mpandawo akugwedeza mutu mokhutira, n'kuima pampatapo. Sanakalipe. Anangofunsa moseka kuti chitseko ichi ndi cha ndani, kenako anati sakukayika kuti ndimaliza zimene ndinalonjeza pamaso pa mamembala. Mawu onse ndinali nawo mkamwa. Ndikanati nsomba za m'mudzi zimakaswana kudambo ndipo njira yake ndi yomweyi. Ndikanati mpata wa mkono umodzi sungathe nsomba za m'damu lonseli. Mwina akanamva, sanali munthu wankhanza. Ine ndinayankha kuti madala aja angoiwala.

Lamulungu m'mawa, belu la kumishoni litalira kachiwiri, anthu onse ali ku Misa, ndinatenga nsungwi zotsala ndi luzi loviika n'kutsikira pangalande. Mlonda ndinamutuma kuti akaone kugeti. Sizinanditengere nthawi, mwina ola limodzi. Ndikumanga ndinkamva nyimbo za kwaya zikubwera ndi mphepo. Ndinadziuza kuti ndi chaka chimodzi chokha, kuti nsomba zimatha kuswana m'maiwe a kumunsi, kuti chaka chamawa ndidzatsegula mwakachetechete. Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo n'kuona chigamba changa, mfundo zake zonse zopotokera kumanzere pambali pa mfundo za bambo. Zinali ngati ndalembapo dzina langa ndi choko. Ndinazipaka matope n'kuchoka. Miyezi yonse yotsatira sindinapondenso pangalandepo, ndipo ndikamapita kudamu ndinkazungulira njira ya kuzigafa.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Damu linasefukira mu Januwale, antchito ankachotsa zinyalala pampandapo m'mawa uliwonse, ndipo mpandawo sunagwedezeke. Alonda ananenepa, chifukwa nsomba zokwera zinkaunjikana kunsi kwa mpanda, mkati mwa waya, zikusowa podutsa, iwo n'kumangotunga ndi ndowa. Kukalabu buku linadzaza. Mamembala anandisankha kukhala mlembi, ndipo mkulu wa malole anandibweretsera chipewa cha owedza kuchokera kutali, cha timatumba m'mbali.

Kumudzi anthu anamanga mabiyo awo mu Malichi monga mwa nthawi zonse, bambo akuthandiza uyu ndi uyu. Anatchera miono. Sabata yoyamba munalowa nkhanu ndi achule. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndikapita kukaona makolo ndinkapeza ndiwo ndi chisoso kapena nkhwani, pa nthawi imene zaka zonse pakhomo pathu pankanunkhira nsomba zowamba mpaka agalu a mudzi wina kubwera. Nsomba za Epulo sizinali zongosangalalira. Azimayi ankaziwamba n'kusunga, zinali ndiwo za chilimwe chonse, ndipo m'mabanja ena ana ankalawa za m'madzi nthawi yokhayo. Ine ndinkabwera ndi nyama ya kubutchala, shuga ndi sopo, zambiri kuposa kale. Amayi ankathokoza. Bambo ankangoyang'ana jumbo ya katunduyo.

Linali Lachiwiri masana pamene mlonda anathamangira kuofesi kudzandiuza kuti amuna a kumudzi kwathu alowa pawaya ndipo ali pangalande. Kale sakanayerekeza, koma inali nthawi ya matipate ndipo anthu anali atayamba kusiya kuopa mipanda. Ndinakwera njinga yamoto n'kuthamangira komweko. Ndinapeza amuna oposa khumi, amalume ali kutsogolo, bambo ali kumbuyo kwenikweni, chipewa chili m'manja. Madzi anali atatsika, mpanda wonse uli poyera.

Amalume anavula nsapato n'kulowa m'madzi. Anayambira tsidya lina, akuyenda ndi mpandawo, akugwira mfundo iliyonse ndi chala ngati mmene ankachitira ndi miono yanga ndili mwana. Ine ndinkangoyang'ana zitsulo zimene zatsala kuti afike. Ndinadziwa kuti akafika pachomaliza atembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ndinene zoona, mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti zitero, zithe. Anafika. Anawerama, anapukuta ndere ndi dzanja, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, koma maso awo anandidutsa n'kukaima pa bambo.

"Alamu, mpata uli kuti?"

Ndinasendera pafupi. Chigamba changa panalibe. Pamalo pake panali nsungwi zothinana bwino, mfundo zopotokera kumanja, zofanana ndi zina zonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, moti sukanadziwa kuti panali mpata. Linali dzanja la bambo.

"Palibe," anatero bambo.

"Munaiwala?"

"Sindinaiwale."

"Anakukakamizani? Nenani, alamu. Mwana wanu ali pompano, atiuze ngati azungu anakukakamizani."

"Mwanayo musiyeni, iye ndi wa muofesi. Ntchito iyi ndi yanga, mukuiona nokha."

Apa amalume anandiyang'ana. "Mphwanga, iwe unkadziwa?"

Funso limenelo ndakhala ndikulibwereza zaka zonsezi, ndipo ndalipezera mayankho abwino ambiri. Tsiku limenelo ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ine za nsungwi ndinasiya kalekale.

Palibe amene anawamenya bambo. Wina anati tinkadziwa kuti tsiku lina adzationetsa kuti si wakuno. Wina anati ndipo tinawapatsa malo achitatu. Amalume anatuluka m'madzi, anavala nsapato mosafulumira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zaka zonsezi, alamu." Ena anafuna kuthyola mpandawo, koma alonda anali atachuluka, ndipo ine, mlembi wa kalabu, ndinawapempha kuti atuluke mwamtendere. Pobwerera anadzera kumtsinje n'kuzula biyo la bambo. Amayi pochokera kumunda anapeza nsungwi zake zitaunjikidwa pakhomo, miono itatu ili pamwamba.

Mlonda uja ndiye anandiuza pambuyo pake kuti madala anabwera patangopita masiku atatu chitsekereni ine, ati kudzaona ngati luzi lagwira. Anaima pomwe panali mpata nthawi yaitali. Kenako anatulutsa mpeni wawo, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndiye kuti miyezi yonse ija ndinkabwera ndi nyama ndi shuga, iwo ankadziwa chimene chikundibweretsa.

Loweruka ndinapita kumudzi. Ndinawapeza kudimba, okha, akupalira mpiru, ntchito imene sankaikonda. Ndinakhala pachulu chapafupi.

"Bambo, bwanji simunangomasula n'kusiya mpata?"

"Abwana ako akanakuyesa munthu wanji?"

"Nanga bwanji simunangosiya mmene ndinamangira?"

"Mudzi uno amanzere alipo angati?" Anapitiriza kupalira. "Antchito a kuzigafa amadutsa pamenepo, ndipo ena ndi a m'mudzi muno. Sabata isanathe amalume ako akanamva."

"Akanamva basi. Wolakwa ndine."

"Iwe kuno ndi kwanu. Munda uwu ndi wako, manda ako ali apo. Ine ndine wobwera kale, andiwonjezera chiyani?" Anaima n'kuwongola msana. "Komanso unamanga moipa. Madzi oyamba akanakokolola zonse. Ndinaganiza zoti nanenso ndimange mofooka, kuti mvula itithandize. Ndinayesa. Manja anakana."

Ndinalira pamenepo, munthu wamkulu wa ndevu, khadi lili m'thumba. Ndinati ndikupita kwa amalume lero lomwe. Bambo anati ndikapita ndiye kuti iwo avutika pachabe, ndipo anthu adzati banja lonse ndi la abodza, bambo ndi mwana yemwe. Anati ndidikire kaye zinthu zizizire. Mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri. Ndinkafuna chilolezo chokhala chete, ndipo atandipatsa sindinafunsenso kachiwiri.

Mvula yotsatira isanagwe ndinatsikira pangalande ndi mpeni n'kudula mfundo zingapo za kunsi, mbali ya kugombe. Zinali zolimba moti ndinadzicheka chala. Madzi atabwera anamaliza ntchitoyo. Abwana anati ndi chiswe, kumudzi anati ndi Mulungu. Ngakhale chabwino chimodzi chimene ndinachita ndinachichita mwakuba. Nsomba zinabwerera pang'onopang'ono, chaka choyamba zochepa, kenako zambiri, ndipo m'mabwalo munayambanso kununkhira zowamba.

Nsomba zinabwerera, koma bambo sanabwerere kumtsinje. Malo achitatu anapatsidwa munthu wina. Miono anthu anayamba kukagula kwa mkulu wina wa chaku Ludzi, miono yoipa, yophwasuka chaka chisanathe, koma ankapitabe komweko. Kale amuna akamamanga chisakasa pamaliro ankadikira bambo kuti adzamange mfundo zoyamba. Tsopano ankawapatsa moni n'kuwasiya akhale kumapeto kwa mphasa. Iwo anayamba kuluka zitete za nkhuku n'kumakagulitsa tsidya la malire, kumene kunalibe wodziwa nkhaniyi. Popita kutchalitchi ankazungulira kumlatho wa kumsewu, mtunda wautali, kuti asadutse pamabiyo. Amayi ankawakalipira masiku oyamba, ati mwandichititsa manyazi kwa abale anga, ndipo bambo ankangoti pepani. Ndinamva ndi makutu anga amayi akutero, ndili pampando wabwino umene ankandisungira ine wa kuofesi.

Zinthu zinazizira, koma ine kwa amalume sindinapite. Chaka chilichonse ndinali ndi chifukwa. Chaka china ndinkakonzekera ukwati ndipo amalume ndiwo anali ankhoswe. Chaka china iwo ankadwala miyendo, ndinati si bwino kuwasautsa. Chaka china anandiitana n'kundiloza munda wa kudambo, wachonde kwambiri m'banja lathu, ati chifukwa ndine mwana wosachititsa manyazi. Ndinagwada n'kuthokoza. Ndikulima mpaka pano.

Kalabu nayo sinakhalitse. Fodya anayamba kuvuta, esiteti inagulitsidwa, abwana aja anabwerera kwawo, mabwana a ku Lilongwe anapeza kwina kopita Loweruka. Eni atsopano analibe nazo ntchito nsomba zobwezera m'madzi. Waya anatha pang'onopang'ono, kanyumba ka udzu kanagwa, ine anandichotsa ntchito pamodzi ndi ena. Ndodo yanga yopyapyala ija ana ankathyolera mango mpaka inaduka. Lero damulo amawedzamo aliyense, ndi nyongolotsi, ndipo achinyamata sadziwa n'komwe kuti kale munthu ankavulidwa malaya chifukwa cha mlamba. Zonse zimene ndinkaopa kutaya zinatayika zokha.

Bambo anamwalira patatha zaka zisanu ndi zinayi chichitikireni za pangalande. Anadwala mwezi umodzi, ndipo m'masiku amenewo ndinayesa kuyambitsanso nkhaniyo, iwo n'kufunsa ngati mbuzi zamangidwa. Tinawaika m'manda a kwa amayi. Anthu anabwera ambiri, ndipo wolankhula m'malo mwa mudzi anati anali mkamwini wofatsa, wolimbikira kumunda. Za miono sanatchule, za biyo sanatchule.

Titabwera kumanda, anthu akusamba m'manja, amalume anandikodola. Anali atakalamba kwambiri, akuyendera ndodo. Ananditengera pansi pa mtengo wa mango, kutali pang'ono ndi anthu, n'kundigwira dzanja.

"Mphwanga, pali chimene ndikufuna udziwe, kuti mtima wako ukhale m'malo. Za mtsinje zija ife tinawakhululukira bambo ako. Sitinawauze, koma tinawakhululukira kalekale. Munthu amalakwa. Iwe usamachite manyazi ndi dzina lawo."

Panalibenso wondiletsa. Bambo anali pansi, ntchito inali itatha, khadi linali litatayika kalekale. Amalume anali atandigwira dzanja lamanzere, akundiyang'ana kumaso, akudikira.

Ndinati, "Zikomo, amalume."